Envulopu ya a Osagwedera

Bambo anga ajambula zithunzi za ziphaso kwa zaka makumi atatu, m'kachipinda kokhala ndi nsalu yoyera kukhoma ndi mpando umodzi. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, amangoti a Osagwedera, poti ndi mawu amene amatuluka pakamwa pawo asanadine batani. Ali ndi kachizolowezi kenanso. Munthu amene sakumudziwa, pa envulopu yake amalembapo zimene wavala: "bambo wa jekete lotuwa", "mayi wa duku lofiira". Pa yanga chiyambire amangolemba kuti "mwanangu".

Nditawauza kuti gulu lathu laitanidwa kukaimba pa chikondwerero cha nyimbo, m'mawa mwake anakagula kamera ya dijito, poti yakuntchito ija siichoka pa miyendo yake. Wogulitsa anawaonetsa kakang'ono kolowa m'thumba, kojambula munthu ngakhale akudumpha. Anakana kwamtuwagalu. Anawanyamula makamerawo imodziimodzi ngati akugula nkhuku, n'kusankha yolemera kwambiri. Akuti kamera yopepuka ndi chidole.

Tsikulo dzuwa linaswa mtengo. Anthu anali pikitipikiti, mafoni ali m'mwamba, achinyamata a makamera akungojambula mazanamazana osayang'ana n'komwe. Bambo anaphunzira ntchito nthawi ya filimu, ndiye chala chawo n'choumira, chithunzi chowonongeka kwa iwo ndi tchimo. Ndinawaona kutsogolo kwenikweni, ali mu suti yawo ya ku maukwati, diso pa kamera, akudikira kuti ndiime. Koma munthu uime bwanji ng'oma zikulira? Nyimbo yoyamba inatha osajambula, yachiwirinso chimodzimodzi. Pa yachitatu pali malo pamene zida zonse zimayamba zakhala chete, ndipo pamenepo mawu awo anamveka bwalo lonse.

"Osagwedera!"

Anthu anafa nacho chiseko. Ine ndinauma gwa mu diresi langa lachikasu, ndipo iwo anadina kamodzi basi.

Titatsika, anyamata a m'gulu ankayeserera mawuwo, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Wagitala anandifunsa ngati mdala uja ndimamudziwa. Ndinati ayi, ndi wojambula wina wake, amangoyendayenda m'zochitika. Nditacheuka, bambo anali ataima kumbuyo kwanga, botolo la madzi ozizira lili m'manja. Analiika pa sipika, n'kutiuza tonse kuti taimba bwino, kenako anapita kukakwera basi okha.

Kunyumba sanaitchule nkhaniyo. Ndinkalakalaka atandikalipira, koma ankangondipatsa moni monga mwa masiku onse, ine nkhope pansi ndi manyazi. Patapita masiku awiri ndinawalondola kuntchito, mawu opepesa ndikuwabwereza njira yonse. Ndinawapeza akuwongola mutu wa mayi wina pampando paja, ndiye anangondilozera ndi mlomo bokosi la maenvulopu.

Ndinafufuza ya "mwanangu" kawiri konse osaipeza, mpaka ndinayamba kutsegula imodziimodzi. Chithunzicho ndinachipeza chapakatikati, ndipo ndisaname, n'chokongola. Palibe chagwedera, ngakhale thukuta la pachipumi likuwerengeka. Kenako ndinatembenuza envulopu ija. Analembapo mosamala, ndi zilembo zawo zoongoka zija: "mtsikana wa diresi lachikasu".