Ufa wa aGuluu

Mumsewu wa kuseri kwa msika onse ankawatchula kuti aGuluu, ndipo iwo ankavomera. Chipinda chawo chinali pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Chinalibe zenera, ndipo chitseko chinkatseguka theka chifukwa kuseri kwake anaunjikako mafelemu. Ntchito yawo inali yopanga zomata pa malaya: manambala a majezi a mpira, mabaji a sukulu, mayina a makwaya.

Iwo sankadinda pansalu, ankadinda papepala. Ankayala pepala losalala patebulo, kutsitsirapo felemu ya nsalu yonga sefa, kuika inki yolimba ngati matope, n'kuikoka ndi labala. Zilembo zinkatuluka zotembenuka ngati za pagalasi. Inki ikadali yaiwisi ankawazapo ufa woyera wa guluu, kukutumula pepalalo kuti wotsala ugwe, kenaka n'kuliwamba pang'ono pansi pa chotenthetsera. Wogula ankakapana pepalalo pa malaya ndi makina otentha, akasenda, chithunzi n'kutsalira pansalu. Chinkachigwiritsa ndi ufa uja.

Koma ufawo unkalowa paliponse, m'nsidze, m'makutu, mpaka mu tiyi. Akazi awo ankati anakwatiwa ndi munthu wakuchigayo amene ufa wake sudyeka. AGuluu ankaseka, kusekako n'kuthera m'kutsokomola.

Chifuwacho chitakhalitsa, anayamba kumachita befu ngakhale pomanga zingwe za nsapato. Kuchipatala adokotala atamva za ntchito yawo, anawauza mosapsatira kuti mapapo awo atopa, ndipo ufawo pamodzi ndi utsi wa chotenthetsera ziwamaliza. Anawafunsa ngati pali ntchito ina imene amaidziwa. Panalibe. AGuluu anayamba kudinda ndevu zisanamere.

Wogulitsa inki ndiye anawatsina khutu kuti ena sawaza, amangosakaniza ufawo mu inki momwemo. Tsiku limenelo aGuluu anafika kunyumba akuimba mluzu, akazi awo mpaka kuwanunkhiza m'kamwa. Anawalongosolera kuti fumbi latha, kuti chifuwa chiona msana wa njira.

Sabata yomweyo kunabwera mphunzitsi wa zamasewero wa sukulu ina, akufuna manambala ndi mabaji a matimu ake onse, mpikisano uli pafupi. Inali ntchito yaikulu imene aGuluu anali asanaionepo chaka chimenecho. Atayamba, anapeza kuti inki yosakaniza ija ikutseka timabowo ta felemu. Anachepetsa ufa, ikutsekabe. Anachepetsanso, mpaka inki inayamba kudutsa bwino. Mapepala anatuluka okongola. Anayesa limodzi pa malaya awo akale, linamata. Zoti achape kaye malayawo nthawi inawathera.

Mphunzitsi uja anabweranso mpikisano utatha, atanyamula thumba. Anakhuthulira majezi patebulo. Manambala anali atakanganuka ngati nkhanambo, ena akulendewera ndi ngodya imodzi, ena atatsala theka. Sanakalipe.

"Ana anga avala izi pamaso pa sukulu zina, bambo. Woyimbira mpira amachita kufunsa mwana nambala yake."

AGuluu anati adindanso mwa kale, mowaza, popanda kulipiritsa. Mphunzitsiyo anati asavutike, wapita kale tsidya la msewu. Kumeneko kunali kutatsegulidwa shopu ya makina otulutsa zithunzi za mitundu yonse kuchokera pa kompyuta, munthu akudikira pompo.

Mbiri ya majezi inayenda. A makwaya anasiya kubwera, a masukulu nawonso. Akazi awo anakapempha mchimwene wawo kuti awapezere alamu akewo malo a ulonda kumene iye ankagwira ntchito. AGuluu anavala jekete n'kupita. Bwana wa kumeneko anangomvetsera mmene ankapumira atakwera masitepe, n'kuwauza kuti adzabwere akachira.

Anabwerera ku ufa, atamanga kansalu pamphuno. Zobwera tsopano zinali zing'onozing'ono: nambala imodzi ya jezi yong'ambika, dzina la mwana pa chikwama. Madzulo ena akazi awo anawapeza atakhala pa chitini cha inki, atagwira pachifuwa, pepala likupserera pansi pa chotenthetsera. Anazimitsa, n'kuima pakhomo.

"Bambo a kunyumba, mukufuna ndikhale wamasiye?"

"Nanga ndikasiya tidya mpweya, mayi? Mpweyawonso ndilibe."

Mayiwo sanaseke. M'mawa mwake anatsekera nkhuku zawo m'khola, n'kutsagana ndi amuna awo ku ntchito. Kuyambira pamenepo aGuluu amakoka inki ali chikhalire, n'kupatsira pepala akazi awo, amene amakawazira ufa panja, pafupi ndi khomo la telala. Telalayo amadandaula kuti ufa ukumudetsera nsalu za eni ake, ndipo wanena kale kwa mwini nyumba.

Masiku ano mayiwo akamakutumula pepala amatembenukira kumbali, n'kutsokomola chapansipansi. Akafunsidwa amati ndi chimfine cha mphepo. AGuluu amamva ali m'katimo, n'kutsitsa felemu pa pepala lina.