Maswiti a Idi a Abiti Mwamadi

Dzina la Abiti Mwamadi likatchulidwa, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la shuga wotsala pang'ono kupserera, losakanikirana ndi utsi wa makala a kuphiri ndi la mtedza wokazinga umene tinkaufikisa m'manja pakhonde la kuseri kwa nyumba yawo, timakoko tofiira tikuuluka n'kumatimatirira m'tsitsi ndi m'majuzi.

Anali aneba athu ku Likangala, mu Zomba. Pakati pa nyumba yathu ndi yawo panali mpanda wa maluwa wokhala ndi kampata kamene ana tinkadutsapo chowerama. Kuchokera pakhomo la khitchini yathu kukafika pa mbaula yawo panali mapazi 34, ndinawerengapo kangapo. Ife tinali Akhristu, bambo anga kalaliki wa m'boma. Iwo anali Msilamu, Myao, mayi wamasiye wogulitsa zitenje mumsika, ndipo ankalera mdzukulu wawo Asiyatu, mnzanga wa m'kalasi. Ana tonse tinkawatchula Anganga. Ine ankanditchula mwana wa a Kalaliki, ngakhale dzina langa loti Ndaziona ankalidziwa bwino.

Maswiti a mtedza ankapanga kamodzi pachaka, kumapeto kwa Ramadhani, mwezi umene Asilamu amasala kudya ndi kumwa kuyambira mbandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa. Anali a pa Idi, chikondwerero chotsekera kusalako, pamene abale awo ankabwera ndi ana kuchokera kumidzi, ena wapansi. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ramadhani inagwa m'nyengo yozizira, ndipo shuga ankasowa m'masitolo. Mapaketi awiri amene anali nawo anawapeza movutikira, n'kuwakhomera m'sutikesi pansi pa bedi kwa miyezi iwiri.

Ine ankandifuna pa ntchito imodzi. Iwo ali pa kusala sankalawa kanthu, ndipo Asiyatu, pokhala mwana, ankasala mpaka masana. Choncho mano a m'mawa anali anga. Shuga akasungunuka m'sefuliya, atafinyiramo ndimu, n'kuyamba kufiira, ankadontheza kadontho m'kapu ya madzi ozizira, n'kukavuula, n'kundipatsa kuti ndilume, iwo atasendeza khutu pafupi ndi tsaya langa. Kakamatirira m'mano, ankapitiriza kutakasa. Kakasweka ndi kaphokoso ngati ka galasi, ankanena m'Chiyao kuti "Chambone", ndiye kuti zili bwino, n'kukhuthuliramo mtedza. Zikatero zonse zinkathiridwa pa thireyi yopaka mafuta, kusalazidwa ndi botolo, n'kulembedwa mizere ndi mpeni zisanaume.

Tsikulo cha m'ma 11 koloko ndinali nditaluma kachiwiri, kadontho kakumatirirabe pang'ono, pamene anauza Asiyatu kuti apake thireyi. Asiyatu anabwera ndi botolo la mafuta ophikira atalizondotsa. Munalibe kanthu. Mafuta anathera m'mandasi a dzulo lake, ndipo palibe amene anakumbukira. Pakati pa shuga wakupsa ndi shuga wopserera pamakhala mphindi ziwiri kapena zitatu. Anganga sanachotse maso pa sefuliya.

"Mwana wa a Kalaliki, pita kwanu ukatenge majarini, supuni imodzi. Usayende, thamanga."

Amayi anali atapita kuchigayo. M'kabati munali tizitini tiwiri ta majarini tofanana ndendende, chifukwa amayi sankataya chitini. Ndinatenga kamene kanali kutsogolo. Zam'katimo zinali zoyera m'malo mwa chikasu, ndiponso zolimba. Ndinaona, sindingakane. Ndinangoganiza kuti ndi kuzizira kwa Zomba kumene kwawatuwitsa. Ndinakumba supuni yodzaza, n'kudutsa pampata paja, n'kupaka ndi zala thireyi yonse mpaka m'makona, botolo losalazira ndi mpeni womwe. Anganga anali atandifulatira, ndipo pakhondepo panali patadzaza utsi ndi fungo la shuga moti mphuno sikanamva china. Kadontho kachitatu kanasweka bwino. Anathira, tinasalaza, analemba mizere isanu ndi itatu uku, khumi ndi iwiri uku. Maswiti 96. Anandiyamikira kuti ndapaka mwaluso, palibe pamene padzamatirire.

Amayi anabwerako cha m'ma 3 koloko. Anapeza kachitini patebulo kali kosatseka, n'kufunsa amene wakumba mafuta awo a nkhumba, amene anasungunula Lamlungu kuti azikazingira ndiwo. Ndinati sindikudziwa, mwina ndi mphaka. Iwo anati mphaka wodya ndi supuni sanamuonepo, n'kupitiriza kusefa ufa.

Ndinatuluka panja. Mwana aliyense wa m'dera lathu ankadziwa kuti Msilamu sadya nkhumba, ndipo ngakhale mpeni umene waidula sulowa m'khitchini mwake. Ine ndinali nditaipaka pansi pa chakudya cha Idi, ndi manja anga, pa tsiku lomaliza la mwezi wawo wopatulika.

Nditabwerera kwa Anganga ndinapeza maswiti atauma, iwo akuwathyola motsata mizere n'kumawasanja m'beseni loyala kansalu koyera. Asiyatu, amene kusala kwake kunali kutatha masana, anali atakhala pansi ndi thireyi pamiyendo, akutola nyenyeswa ndi chala chonyowa n'kumanyambita. Ndinafuna kumulanda, koma ndikanati chiyani? Ndinamukokera kumpopi ngati tikukasamba m'manja, n'kumufunsa chimene chimachitika Msilamu akadya nkhumba. Anati thupi lonse limatuluka matuza, ndipo mapemphero ako samveka masiku makumi anayi. Anamuuza ndi msuweni wake. Kenako anaseka n'kundifunsa ngati ndikufuna kulowa Chisilamu, nati ndiyambe ndasiya kususuka. Ine ndinkangoyang'ana mikono yake. Panali kachilonda kamodzi pachigongono, ndipo sindinkakumbukira ngati kanalipo m'mawa.

Ndinaganiza njira zitatu. Yoyamba inali yopukuta maswitiwo kunsi. Ndinayesa pa awiri ndi mpendero wa diresi Anganga atalowa m'nyumba, koma mafutawo anali atalowerera ndi kutentha, ndipo zala zinkangonyezimira. Yachiwiri inali yogwetsera beseni m'fumbi ngati mwangozi. Ndisanalimbe mtima, iwo analinyamula n'kukaliika pamwamba pa kabati. Yachitatu inali yokhala chete. Palibe akanadziwa. Amayi sakanalumikiza kachitini kawo ndi thireyi ya aneba, ndipo maswitiwo ankakoma bwino lomwe. Ndikanena, ndinkaona mpata uja ukutsekedwa ndi minga, Asiyatu akundilambalala panjira ya kusukulu, ndiponso lamba wa bambo. Njira yachitatuyi ndi imene ndinakhala nayo kwa maola awiri, ndikusesa makoko a mtedza pabwalo losesedwa kale.

Ku Zomba m'nyengo yozizira dzuwa limabisala kuseri kwa phiri nthawi yake yolowa isanakwane, ndipo chisanu chimatsika msanga. Koma kusala kumatha pokhapokha kumzikiti kukamveka kuitana. Anganga anayala mkeka pakhonde, n'kuikapo kapu ya madzi, ketulo ya tiyi, mbale ya futali, mbatata yotendera ija, ndi kambale kokhala ndi maswiti atatu. Anandiuza kuti ndisapite, limodzi ndi langa. Milomo yawo inali itauma mpaka kutuwa. Anati tsiku lonse akhala akuzunzika ndi fungo limeneli, ndipo akangomwa madzi ayambira switi, futali adikire.

Tinakhala chete tikumvetsera. Ndinkamva agalu, wailesi ya nyumba ina ndi njinga ikudutsa pamsewu. Ndinkapempha kuti woitanayo achedwe. Sanachedwe. Anganga ananong'ona kapemphero, anamwa madzi katatu, n'kutambasula dzanja. Switi litatsala pang'ono kufika pakamwa, ndinawagwira pamkono. Ndinali ndisanagwirepo munthu wamkulu chotero.

"Anganga, musadye. Aja sanali majarini. Anali mafuta a nkhumba."

Asiyatu anayamba kulavula, akupukuta lilime ndi chitenje, kwinaku akulira. Anganga anabweza switi m'kambale, n'kukakankhira kunja kwa mkeka, n'kusamba zala. Anauza Asiyatu kuti achukuche m'kamwa abwere adzakhale pansi, kuti wadya asakudziwa ndiye alibe mlandu, ndipo za matuzazo amunamiza. Anadya futali wawo pang'onopang'ono, osandiyang'ana, kenako analowa m'nyumba kukapemphera. Ine ndinatsala nditaimirira pafupi ndi mbaula yozima. Mwina panadutsa mphindi khumi. Kampata kaja kanali pomwepo, koma sindinadutsepo.

Atatuluka anandifunsa nthawi imene ndinadziwa. Ndinati cha m'ma 3 koloko.

"Nanga maola awiri onsewa unali kuti?"

"Ndinali pompano."

"Ndinakuona. Ndimayesa ukumva m'mimba."

Kenako anandiuza kuti nditchule chilichonse chimene mafutawo anakhudza, osasiyako ngakhale chimodzi. Ndinatchula thireyi, botolo, mpeni, beseni, kansalu ndi kambale. Anafunsa za sefuliya ndi mthiko, ndinati sindinazigwire. Anavomera ndi mutu, anatsitsa beseni lija, n'kunditsogoza kwathu, osati podutsa pampata koma kuzungulira pageti, ngati alendo.

Amayi atamva nkhaniyo anagwada pansi, manja onse ufa okhaokha, akupepesa mobwerezabwereza. Anatulutsa shuga yense amene tinali naye, sanadzaze kapu. Anganga anawathokoza n'kuwauza kuti amusunge wa tiyi wa ana. Anakhuthulira maswiti onse m'lichero lathu, nati kwa ife Akhristu chimenechi n'chakudya chabwinobwino, tisataye. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Amake Ndaziona, mwanayu musam'menye. Wanena ndisanadye. Mukam'menya, ulendo wina adzangokhala chete."

Mwezi unaoneka madzulo omwewo, ndipo wailesi inalengeza kuti mawa ndi Idi. M'mawa kwambiri, asanapite kumapemphero, anandiitana kumpopi. Chiwiya chimene chakhudza nkhumba, mwa chiphunzitso chawo, chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa maulendowo ndi madzi osakaniza dothi. Iwo ankatsuka, ine ndinkathira madzi n'kumawerenga mokweza. Madzi ochokera mu mtsinje wa Mulunguzi m'mwezi umenewo amaluma ngati singano, ndipo pofika pa chiwiya chachisanu ndi chimodzi zala zanga sizinkamvanso kanthu. Sananene mawu ena alionse kupatula kundikonza pamene ndinadumpha nambala.

Masana ndinaonerera phwandolo ndili kuseri kwa mpanda. Ndinawerenga ana khumi ndi anayi, ovala zatsopano, ena mapazi ali mbuu ndi fumbi la ulendo. Anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, ndipo atatha anandanda pakhomo la khitchini monga ankachitira chaka chilichonse, manja atatambasula. Anganga anatuluka chimanjamanja n'kuwauza kuti chaka chino maswiti kulibe. Kamtsikana kena kanafunsa chifukwa chake. Anangoti sanatheke. Kumpanda sanayang'aneko, ndipo monga ndinamvera kwa Asiyatu pambuyo pake, abalewo sanauzidwe dzina la aliyense.

Kwathu maswiti aja anadyedwa kwa masabata awiri. Ine sindinathe kumeza ngakhale limodzi. Asiyatu sanandilankhule masiku anayi, ndipo m'mawa uliwonse ankadziyang'ana mikono padzuwa. Tsiku lachisanu anandidikira panjira, n'kundiuza kuti matuza sanabwere koma ndine chitsiru basi. Ndinavomera. Komabe kukhitchini kwa Anganga sindinkalowako ndekha, ndipo iwo sanandiitane. Ankandipatsa moni ngati kale, kundifunsa za sukulu, basi. Chaka chonse sindinadziwe pamene ndinaima.

Ramadhani yotsatira itafika kumapeto, ndinamva fungo la mtedza wokazinga likudutsa mpanda. Ndinakhala pakhonde lathu ndi buku limene sindinkawerenga. Ndinamva lichero likupeta, makala akuthetheka, sefuliya ikuikidwa pa mbaula. Kenako mawu aja anamveka, osakwera osatsika, akuitana mwana wa a Kalaliki. Nditafika anandipatsa thireyi ndi botolo la mafuta lodzaza, lochokera m'kabati mwawo.

"Upake ndiwe. Pa ana onse ali pano, amene sangalakwitse ndiwe."

Abiti Mwamadi anamwalira ndili kukoleji. Lero ndimakhala ku Masongola, ndipo m'khitchini mwanga muli shelefu imodzi yokhala ndi poto, thireyi, mpeni ndi mbale zinayi zimene sizikhudza nkhumba. Aliyense m'nyumba muno amadziwa zimenezi, ngakhale mlendo wogona tsiku limodzi ndimamuuza. Asiyatu amabwera kawiri kapena katatu pachaka, nthawi zina ndi ana ake. Ndikamuikira chakudya patebulo, amasamba m'manja n'kuyamba kudya, osafunsa kanthu.