Bondo la a Ottavio

Ku nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito kuno ku Bradford kuli mkulu wina, a Ottavio Zanardo. Ndi Mtaliyana wamtali, wa imvi mbuu, ndipo mwendo wawo wamanzere supinda. Amene ndimawaveka nsapato m'mawa ndine, choncho bondolo ndimalidziwa: lili ndi chipsera chonga msoko wa thumba la chimanga. Mbiri yawo ndinaimva ndili chogwada, ndikumanga zingwe.

Anabadwira m'katauni kena kumpoto kwa Italy, bambo awo ali mmisiri womanga nyumba. Mpira anayambira m'timu ya kutchalitchi, ndipo chifukwa cha msinkhu anawaika kotchinga kumbuyo. Masiku amenewo, akutero iwo, wotchinga ankapatsidwa munthu mmodzi. Kochi ankangoloza kuti, "Wako ndi uyo," basi. Akapita kumanja, nawe kumanja. Akapita kukamwa madzi, ukamugwirire botolo. Atasewera kwawoko, inawagula timu ya mumzinda, n'kukwera nayo mu ligi yaikulu. Jezi ya dziko lawo anaivala kangapo m'timu ya achinyamata, mpaka tsiku lina uthenga unafika woti akufunidwa ku timu ya akuluakulu. Mayi awo anaphikira msewu wonse.

Kutatsala masiku ochepa kuti akalowe kukampu, timu yawo inabwera kuno ku Yorkshire kudzasewera mpira wa chikho. Munthu amene anapatsidwa tsikulo anali womwetsa zigoli wotchedwa Neville Ackroyd. Mundikhululukire, ameneyu ulemu wanga saulawa. A Ottavio anamutsekera njira zonse, osamulola ngakhale kununkhiza golo. Masewero ali pafupi kutha, mpira uli kutsidya lina la bwalo, Neville anathamanga n'kuwaponda bondo ndi nsapato ya misomali. Woyimbira sanaone. Kwa atolankhani, Neville anati Mtaliyanayo anaterereka yekha pamatope.

Jezi ija anavala wina. A Ottavio anagona m'chipatala miyezi, ndipo namwino wawo, mwana wa Ataliyana a kuno komwe, ndiye anadzakhala mkazi wawo. Zaka zawo zamphamvu zinathera pagalimoto yogulitsira ayisikilimu m'misewu ya Manningham, dera la kuno ku Bradford. Pano mkaziyo anatisiya, ana ali ku London. Nthawi yonseyo Neville ankazungulira m'mabala a mzinda womwewu akusimba nkhaniyo ngati nthabwala, anthu n'kumamugulira mowa. Zimandiwawa ngati bondolo ndi langa.

Koma mlandu suola. Chaka chatha, nthawi yozizira, anatibweretsera wodwala amene anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, kuti aphunzirenso kuyenda kenaka abwerere kwawo. Anali Neville. Pa chakudya chamasana a Ottavio anamuyang'ana, n'kuika supuni pansi. Iye atawazindikira anaseka chikhakhali.

"Iwe ukadali moyo? Ukutererekabe?"

A Ottavio atabwerera kuchipinda anandiuza kuti akufuna chinthu chimodzi: Neville anene ndi pakamwa pake, anthu akumva, kuti anachitira dala.

Namwino wathu wamkulu, mayi Mwandida, ndi mayi wa Mvano, ndipo sangaone anthu awiri atafulatirana osalowapo.

"Chawezi, awa tiwayanjanitse before Sunday," anandiuza motero.

"Sister, Neville wapepesa?"

"Kukhululuka sikudikira apology, mwana iwe."

Ndinangoti chamumtima, kukhululuka n'kosavuta bondo likakhala la mnzako. Mayi Mwandida anakonza tiyi ndi mabisiketi, n'kuwakhazika moyang'anizana monga timachitira kwathu. Anapemphera pemphero lalitali, loti tiyi anazizira, kenaka anati agwirane chanza. Neville anatambasula dzanja akumwetulira. "Zakale zimenezo, mnzanga. Kunali mvula tsiku lija." A Ottavio anayang'ana dzanjalo, anadya mabisiketi awo, anadyanso a Neville, n'kunyamuka.

M'mawa mwake ntchito inayamba. Onse awiri amayendera chitsulo cha miyendo inayi chija amakankha okalamba. Neville akalunjika pampando wa pawindo, ankapeza a Ottavio aima kale patsogolo pake. Akatembenukira ku TV, iwo ali pomwepo. Osamukhudza ngakhale ndi chala, osalankhula, maso ali pamapazi ake. Anzanga ankati ndi ukalamba. Ine ndinaona kuti mkuluyu wapatsidwanso munthu wake.

Tsiku loyesedwa linafika. Mayi wophunzitsa odwala kuyenda anati Neville ayende yekha kuchoka kuchipinda chake mpaka kuchitseko cha kumapeto kwa kolido, osakhala pansi. Akatha, apite kwawo. Akalephera, atsale, poti nyumba yake ndi ya masitepe. Mwana wake wamkazi anali atabwera kale ndi galimoto, sutikesi ili m'manja.

Neville atafika pakati, chitseko china chinatseguka, a Ottavio n'kutuluka atavala suti ndi tayi. Anaima pakati pa kolido, ndipo kolido yathu ndi yopapatiza. Tsono lamulo la ntchito yathu n'lakuti wokalamba sitimukoka, sitimukankha, timangomupempha. Mayi wophunzitsa kuyenda uja anawapempha kuti apatuke, koma tsiku limenelo Chingerezi chinali chitawathawa.

"Chawezi, talk to him, amakumvera iwe!" anakuwa mayi Mwandida.

Ndinawapempha ndithu, mwaulemu wonse, mawu amodziamodzi, osathamanga.

Neville anakhotetsa chitsulo chake kumanzere, a Ottavio kumanzere. Anayesa kumanja, iwo anali atafika kale. Mwendo wosapinda uja unkakhwekhwereza pansi, koma sunachedwe ndi kamodzi komwe. Thukuta linayamba kutsika pankhope ya Neville.

"Nena," anatero a Ottavio. Chingerezi chinali chitabwerera.

"Choka, wamisala iwe!"

"Nena."

Neville anayang'ana chitseko, anayang'ana mwana wake. Miyendo inali itayamba kugwedezeka.

"Chabwino! Ndinachitira dala! Unandichititsa manyazi, bambo anga ali m'bwalo akuonera. Ndanena, tsopano choka!"

Tonse tinamva. Mwana wake anagwira pakamwa. Mtima wanga unachita kuti myaa, ndipo ndinaganiza kuti zatha, amulola adutse.

"Ndamva," anatero a Ottavio, ndipo sanasunthe.

Neville anaima chilili mpaka mphamvu zinamuthera, n'kupempha mpando ndi mawu a mwana. Anadzamuyesanso patapita nthawi, a Ottavio ali kwa dokotala wa mano, koma munthu anali atagwa kale mphwayi, miyendo inakana. Mwana wake anagulitsa nyumba ija. Mayi Mwandida sanandilankhule sabata yonse, ati ndinasekerera tchimo. Sindinawatsutse.

Pano Neville chipinda chake chayandikana ndi cha a Ottavio. Nthabwala zinamuthera, ndipo masiku ano chakudya akungochitokosa. Dzulo pa kadzutsa a Ottavio anandikodola, nkhope ili yodandaula zenizeni, akuloza mbale ya mdani wawo.

"Chawezi, taona, phala walisiyanso. Pita ukamudyetse, umuthirire ndi uchi. Ameneyu asandifere msanga."