Mchimwene wanga wovula wotchi pa TV

Ine ndimasoka zovala ku Chilomoni, pakhonde loyandikana ndi saluni, ndipo za pa TV ndimazidziwa ngakhale makina anga anaipatsa msana. Imakhala pa shelefu m'salunimo, imayaka m'mawa n'kudzapuma pokhapokha magetsi akathima. Ndimaimvera ndi khutu lakumanja, poti lakumanzereli linafa kalekale. Ofunsa ndimawauza kuti ndi kwinini.

Azimayi amabwera ena kudzalukitsa tsitsi, ena kudzayesa madiresi kwa ine, koma onse amathera pa benchi imodzi, kukanganirana anthu oti sanakumanepo nawo. Alipo a mafilimu a ku Nigeria, ati kumeneko ndiye kuli apongozi ankhanza enieni. Alipo a masewero a Amwenye, aja oti mtsikana akagwetsa mbale Lolemba, mbaleyo imakafika pansi Lachinayi. Mwini saluni yekha amafera a ku Philippines, amalira nawo uku akukoka tsitsi la mwana wa eni ake. Ine anga ndi masewero athu a konkuno, a anthu odya zomwe ndimadya ine. Anthu amawanyoza, ati mawu samveka bwino, ati munthu ali mu ofesi koma kumbuyo kukulira tambala. Alire! Mu Blantyre muno ilipo ofesi yomwe tambala sangaifikire?

Ndiye chaka china mchimwene wanga, chitsiriza m'banja mwathu, analowa mu sewero lotere. Ntchito yake yeniyeni ndi yokonza mafiriji, ndipo ndi munthu woti kupha nkhuku amapempha aneba. Koma eni sewero anamupatsa mbali ya bambo wankhanza, wa suti yosita bwino, wogwada popereka moni kutchalitchi, womenya mkazi akafika pakhomo. Ankalionetsa Lamulungu madzulo n'kulibwereza Lachitatu masana, nthawi yoti saluni yadzaza.

Lachitatu loyamba ndinatembenuza mpando kuti ndimuone mwana wa amayi. Analowa m'nyumba ya mu sewerolo mwakachetechete, osakalipa, osatukwana. Anavula wotchi, n'kuiika bwinobwino pa tebulo. Kenako anapita pa wailesi n'kukweza mawu. Ine ndinadzibaya singano pachala. Ndinatembenuzanso mpando wanga, osauza munthu chifukwa chake.

Kuchokera tsiku limenelo Chilomoni yense ankangoti “uja wa wotchi”. Akangogwira pamkono, benchi yonse inkakuwa, “Galu iwe! Thawa mayi, thawa!” Mayi wina wogulitsa mandasi anabwera mpaka pa makina anga, manja m'chiuno, ati, “Achemwali, mchimwene wanuyu mumulangize, adzafa imfa yowawa.” Ku msika wa Ndirande wina anakana kumugulitsa tomato. Mu minibasi agogo ena anasintha mpando atamuzindikira. Tinkaseka mpaka misozi, ndipo ine ndinkanyada. Ndinkawauza kuti kudedwa chonchi ndiye kuti mwanayo ntchito akuitha.

Kuseka kunatha itafika nkhani ya ukwati. Mchimwene wanga anali ndi chibwenzi cha nthawi yaitali, mtsikana wa ku Bangwe wophunzitsa ana ang'onoang'ono, waulemu wake, woti ine ndinali nditayamba kale kumutchula mlamu. Amalume athu anapita kukaonana ndi amalume a mtsikanayo monga mwa mwambo, ndipo anawalandira bwino. Ulendo wachiwiri anamutenga mwini wakeyo kuti akuchikazi akamuone. Mayi a mtsikana anatuluka kudzapereka moni, anagwada, anadzutsa maso, ndipo moniwo unathera pakhosi. Ananyamuka n'kulowa m'nyumba, osatulukanso. Yankho linabwera patapita masiku: mwana wathu sitingamupereke kwa uja wa wotchi.

Amalume anangoti, “Asiyeni, mbeta sizinathe mu Blantyre.” Koma mchimwene wanga anasiya kudya. Ankabwera pakhonde panga n'kukhala pa sitolu tsiku lonse, maso ali pa ulusi. Mtsikanayo ankalira pa foni, koma anamuuza poyera kuti sangakwatiwe mayi ake atakana, poti anamulera okha. Ndinaona kuti banja ili likufa lisanabadwe, chifukwa cha sewero la Lachitatu masana.

Mtima wanga ndimaudziwa, suchedwa kuwira. Ndinauza amalume kuti ndikupita ku Bangwe. Iwo anati, “Iwe, nkhani za ukwati n'za ankhoswe. Mlongo wa mwamuna akatani kuchikazi? Ukationongera mbiri.” Ndinawayankha kuti mbiri yaonongeka kale, yatsala ndi yoti ndikaitole. Ndinatseka makina, ndinamanga chitenje changa chabwino, n'kukwera minibasi ya m'tauni, ina ya ku Limbe, ina ya ku Bangwe. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndimati ndikawauze mayi a mtsikanayo kuti umbuli ndi matenda, kuti sewero ndi sewero, kuti uja amafa mu filimu sakamuika m'manda. Pofika pa siteji n'kuti mawuwo atapsa, ongofunika kupakula.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Mayi ochepa thupi, a mpango wa chigwirizano cha amayi a kutchalitchi. Ananditambasulira mphasa, tinalonjerana, ndipo nditanena kuti ndine ndani sanadabwe. Ndinayamba ulaliki wanga uja. Sindinafike nawo patali.

“Mayi,” anandidula mofatsa, “musandiyese mbuli. TV ndimaonera tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti mfiti ya mu filimu ya lero, mawa ikhala m'busa mu filimu ina. Sindinakane mchimwene wanu chifukwa choti amamenya mkazi pa TV.”

“Nanga mwamukaniranji?” ndinafunsa, mawu ali m'mwamba.

“Anzake aja akamamenya amakuwa, amaponya mipando, umaoneratu kuti akusewera. Wanuyu sakuwa ayi. Amavula wotchi kuti ingasweke, n'kukweza wailesi kuti aneba asamve. Zimenezo munthu sapeka, mayi. Ngati anaziona kwa bambo ake, ndiye kuti anakula nazo, ndipo mwana wanga adzazipeza m'nyumba. Ngati sanazione kulikonse, ndiye kuti zachokera mumtima mwake, ndiye zoopsa koposa. Inu ndinu mlongo wake. Tandiuzani, anaziona kuti?”

Ha! Mawu anga onse aja anasungunuka. Ndinabwera kudzaphunzitsa mbuli, ndipo ndinapeza munthu woonera TV kuposa benchi yonse ya ku saluni. Ndinachita manyazi, ndiponso ndinachita mantha, chifukwa yankho ndinali nalo, ndipo ndinali ndisanaliuzepo munthu aliyense wamoyo.

Mwamuna wanga anamwalira zaka zapitazo. Ankaimba kwaya, ankanyamulira okalamba katundu, ndipo mpaka lero anthu akandiona amati, “Munataya munthu, mayi.” Ine ndimavomera kuti eya. Amalume sadziwa, ana anga sadziwa, azimayi a pa benchi sadziwa. Ndinaganiza zongonyamuka, ulemu wanga uli wonse, n'kukauza mchimwene wanga kuti ndayesetsa koma zakanika. Kenako ndinamuona m'maganizo ali pa sitolu paja, maso ali pa ulusi.

“Bambo athu sanakwezepo dzanja pa amayi,” ndinatero. “Anaziona kwanga. Wotchiyo inali ya mwamuna wanga.”

Manja awo anaima m'lichero.

Ndinawauza zonse. Kuti tinkakhala ku Zingwangwa, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndipo mchimwene wanga ankakhala nafe akuphunzira sekondale. Kuti wailesi inkakhala pabalaza, pomwe iye ankawerengera mabuku. Kuti khutu ili si kwinini ayi. Ndipo ndinawauza za Loweruka lina masana, wotchi ili kale pa tebulo, nyimbo zili m'mwamba, pomwe mchimwene wanga anadzuka n'kukazimitsa wailesiyo. Aneba anamva kukuwa kwanga koyamba tsiku limenelo, ndipo anabwera. Mchimwene wangayo anathamangitsidwa pakhomo tsiku lomwelo, sukulu anakamalizira kwa amalume, ndipo chifukwa chake sanauze munthu poti ndinamupempha ndine.

“Ndiye mukafuna kumukana, mukaneni,” ndinamaliza, mtima utayambanso kuwira, misozi ikutsika. “Koma musamukanire wotchi. Pa anthu onse a m'nyumba ija, amene anazimitsa wailesi ndi iyeyo.”

Minibasi zinkaimba mahutala kumsewu, ndipo m'nyumba ya aneba TV inkalalikira za machiritso. Ndinapukuta nkhope ndi chitenje changa chabwino chija, ndikudziuza kuti ndadzivula pamaso pa mlendo popanda phindu.

Kenako mayiwo anadzuka ndi lichero lawo, anazungulira mphasa, n'kudzakhala mbali ya khutu langa lakumva. Anathira nyemba zina pachitenje panga kuti ndiwathandize kusankha.

“Bambo a mwana wangayu analibe wotchi,” anatero motsitsa mawu. “Iwo ankayamba atseka mawindo.”

Tinasankha nyemba zija mpaka zinatha, osayang'anana. Nditanyamuka kuti ndizipita, anandiperekeza mpaka pa mpopi wa madzi, ndipo pobwerera anandigwira dzanja.

“Mukawauze amalume anu abwere Loweruka,” anatero. “Abwere naye mchimwene wanuyo. Moni uja sindinamalize.”