Zala Zosalala za Glenda Ruark

Glenda Ruark anayamba kuswa nkhanu mutu wake usanafike n'komwe patebulo. Mayi ake ankamuimika pabokosi, n'kumupatsa kampeni, iye n'kumakowola mnofu m'zigoba mpaka nthawi ya sukulu itakwana. Pachilumba chawo, kumadambo a chigawo cha Maryland, amuna ankapita kunyanja ndi maboti, akazi n'kukhala patebulo lalitali m'shedi ya nkhanu, manja osapuma, pakamwanso osapuma. Glenda anakulira pomwepo, anakwatiwa ndi Dewey, msodzi wa mawu ochepa, nalera ana awiri mpaka anachoka pakhomo. Chaka chimodzi chokha ndi chimene anakhala kunja. Ali mtsikana anapita ku Florida kukafuna moyo wina, koma anakangotsuka mbale m'malo odyera, kugona ndi njala, n'kubwerako ndi manyazi. Za kumeneko sankakonda kuzikamba.

Imvi zitayamba kuoneka, anauza Dewey kuti akufuna kuphunzira unamwino. Anali atadwazika mayi ake mpaka kumapeto, ndipo anaona kuti ntchitoyo amaitha. Dewey anangoti galimoto ndi imeneyo. Kwa zaka zingapo Glenda ankaswa nkhanu m'mawa, masana n'kuwoloka mlatho kupita kukoleji. Anamaliza, mayeso a boma anakhoza, ndipo nyumba yosamalira okalamba ya m'tauni inamulonjeza ntchito, bola chiphaso chake chituluke nyengo ya nkhanu isanathe. Apo ayi, malowo apatsa wina.

Chinatsala chinali kudinda zala basi. Bungwe lopereka ziphaso kwa anamwino limayamba lafufuza ngati munthu anapalamulapo mlandu, ndipo limafufuza ndi zidindo za zala.

Tsiku lokadindalo Glenda anachita zimene mkazi aliyense wa pachilumbapo amachita akamapita pakati pa anthu a kumtunda. Fungo la nkhanu limakakamira m'manja, sopo salimva. Choncho ananyika manja m'madzi a jiki, anawakwecha ndi burashi, n'kumalizira ndi ndimu ndi mchere.

Wodinda zala kupolisi ya m'deralo anali Noreen Tolley. Awiriwa anakhalapo desiki imodzi kusukulu, koma anasiya kuyenderana chikwatirire Dewey, pakuti anthu ankati poyamba Dewey ankayenda ndi Noreen. Noreen anagwira chala chilichonse, kuchipaka inki, kuchigubuduza pakhadi, kenako anayang'ana khadiyo atakwinya pamphumi.

"Iwe Glenda, zala wazisiya kunyumba? Apa zikungokhala ngati wadinda ndi mbatata."

Glenda anaseka mwaulemu chabe. Patapita masiku, a kubungwe anaimba foni kuti zidindozo sizikuwerengeka, akadindenso. Iye anaganiza kuti mwina m'manja munatsalira mafuta a nkhanu, ndiye ulendo wachiwiri anakwecha koposa. A kubungwe anazibwezanso.

M'shedi nkhani siichedwa. Poyamba zinali nthabwala, ankamutchula kuti anesi athu, n'kumamufunsa kuti lero awabaya jakisoni wanji. Kenako mawu anayamba kutsika iye akamalowa. Wina anati mwina mayesowo analephera, za zalazi n'zongobisalirako. Wina anati anaona pa TV kuti mbava zimawotcha zala dala. Mayi Opal, wamkulu pa onse patebulopo, ndi amene anafunsa poyera, maso ali pankhanu yawo.

"Mwanawe, ku Florida kuja unakachita chiyani kwenikweni? Ife titha kusunga chinsinsi."

Tebulo lonse linaseka, chifukwa chinsinsi chinali chisanagonepo m'shedi imeneyo. Chimene chinamulasa Glenda ndi cha Dewey. Tsiku lina akudya masana, mwamunayo anakankhira mbale pambali.

"Amake Curtis, ngati chilipo cha ku Florida, ndiuzeni nokha ndisanachimve padoko."

Nayenso Glenda anali ndi womukayikira. Akakhala phee ankakumbukira mmene Noreen ankakanikizira chala, mmene ankachipotozera pang'ono pomaliza, ndi kumwetulira kuja poika khadi mu envulopu. Akamaganiza kwambiri, zonse zinkagwirizana. Lamlungu lina atatuluka m'tchalitchi, ali m'sitolo modzaza anthu, zinamutuluka pakamwa kuti Noreen akufufutiza dala, nsanje ya kalekale sinamuthere. Dzuwa lisanalowe mawuwo anali atafika kwa mwini wake.

Ulendo wachitatu Glenda sanauze munthu. Anakwecha manja ake monga mwa masiku onse, nayendetsa galimoto kupita kupolisi ya tauni ina yakutali, kumene palibe ankamudziwa. Wapolisi wa kumeneko, bambo wachikulire wa magalasi, atangogwira dzanja lake ananunkhiza.

"Mayi, mwasamba jiki?"

Glenda anayang'ana pansi, nanena kuti amagwira ntchito ya nkhanu, sanafune kubwera ndi fungo. Bamboyo anamutengera pawindo, natembenuzira nsonga za zala zake kowala. Zinali zosalala ngati botolo. Anamuuza kuti zigoba za nkhanu zimapala timizere ta m'zala, monga zimachitikira amisiri omanga ndi njerwa, ndipo totsalato jiki ndi burashi zimamaliza. Anakana kumudinda, nati kungakhale kutaya khadi. Asiye nkhanu, asiye jiki, azidzola mafuta aja alimi amapaka mawere a ng'ombe, azivala masokosi m'manja, adikire milungu ingapo timizereto timerenso.

Pobwerera Glenda anaima pambali pa msewu kwa kanthawi. Zinali zowawa kuvomera kuti wowononga zidindozo anali iye mwini, ndi manyazi ake a fungo. Komabe kamtima kena kankamufunsa kuti kodi Noreen, amene wagwira zala za anthu zaka zonsezi, sanaone zimenezi? Kapena anaona n'kungokhala chete?

Anasiya ntchito nkhanu zili pachimake, nthawi imene ngakhale wodwala amadzikoka kupita kushedi. Ankakhala pakhonde, manja ali m'masokosi a Dewey, akununkha ngati khola. Dewey, atamva zonse, anayamba kutsuka mbale osadandaula, ngakhale anaswa ziwiri. Odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro la galimoto. Mayi Opal anabwera ndi keke, ati kudzazonda, koma maso awo sanachoke pamasokosipo, ndipo atabwerera kushedi anakanena kuti munthu wosalakwa sabisa manja m'chilimwe. A kunyumba ya okalamba anaimba foni kufunsa ngati chiphaso chatuluka, n'kutchulako kuti pali mtsikana wina amene mapepala ake ndi okwana kale. M'mawa uliwonse Glenda ankavula masokosi, kuyang'ana zala padzuwa, osadziwa ngati akuonadi timizere kapena ndi maso chabe akumunamiza.

Asodzi atayamba kukamba zovuula misampha, anaona kuti sangadikirenso. Akanatha kubwerera kwa bambo wa magalasi uja. Koma zikanatheka kumeneko, chilumba chonse chikanati Noreen ankawonongadi. Ndiponso, kunena zoona, ankafuna aone ndi maso ake chimene Noreen angachite. Anapita kupolisi ya kwawo.

"Wabweranso kwa wofufutiza uja?" anatero Noreen, osadzuka pampando.

"Ndinalankhula zopusa, Noreen."

"Unalankhulira m'sitolo modzaza anthu. Kupepesa ukupepesera muno, mboni yake kabati."

Komabe anatenga inki. Atagwira dzanja la Glenda analitembenuza uku ndi uku, nafunsa kuti manja ofewa chonchi wabwereka kwa ndani. Anagubuduza chala choyamba pang'onopang'ono, Glenda akuyang'anitsitsa dzanja la mnzakeyo. Pakhadi panaoneka timizere, toonda koma tooneka. Atamaliza zonse, Glenda anafunsa funso limene linkamudya.

"Kodi unkadziwa za jiki?"

Noreen anapukuta inki m'manja mwake, nati panja pali munthu wina akudikira.

Chiphaso chinatuluka maboti omaliza asanakokedwere kumtunda, ndipo malo aja anawapeza akadalipo. Glenda akugwirabe ntchito kunyumba ya okalambayo, ndipo ambiri mwa amene amawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala ndi akazi amene anaswa nawo nkhanu. Lamlungu loyamba atayamba ntchito anaima m'sitolo muja, anthu ali tho, nanena mokweza kuti Noreen Tolley sanalakwe kanthu, wolakwa anali iye ndi jiki wake. Anthu anamvetsera mwachidwi, ena n'kugwedeza mitu. Glenda atangotuluka, Mayi Opal anauza wogulitsa kuti akazi awiri amene sanapatsane moni wabwino zaka zonsezi sangayanjane chonchi popanda chifukwa, pali chimene anapangana m'chipinda chija cha kupolisi.