Fumbi la pa basi ya a Dalaivala

Anthu a mumsewu wathu amawatchulabe kuti a Dalaivala, ngakhale chiwongolero anachisiya kalekale. Atapuma pa ntchito, anachotsa katundu m'kachipinda ka kuseri, n'kuyamba kupangiramo timabasi tating'ono totha kunyamulika ndi dzanja limodzi. Thupi la basi ankalidula pa zidebe zakale za pulasitiki, mipando ankasema pa timatabwa, penti n'kumapaka ndi kaburashi.

Kenako dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Kudula ankakwanitsabe akatsamiritsa chigongono pa tebulo, koma kaburashi kankasiya mizere yokhotakhota. Akazi awo ankawaseka kuti munthu amene sanagwetserepo basi m'ngalande tsopano akulephera kuwongola mzere umodzi. Iwo ankaseka nawo, koma timabasi tosapenta tinayamba kuunjikana pa shelefu.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawabweretsera kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, kooneka ngati cholembera. Tsiku loyamba anathiramo penti wa akiriliki mmene analili m'botolo. Kachipangizoko kanatsokomola, kulavula madontho, kenako n'kutsekeka. M'mawa mwake anathira madzi mokwiya, ndipo penti anayenderera m'mbali mwa basi ngati misozi.

Mnansi wawo wopenta magalimoto anawauza kuti penti azimusungunula mpaka afike ngati mkaka, woti ukamugwedeza m'kakapu azitsika yekha n'kusiya kachifunga m'mbali. Madzi azithira dontho limodzilimodzi, azipopera mopyapyala, ndipo azidikira aume asanabwerezenso. Kudikirako n'kumene kunawavuta, poti moyo wawo wonse anauthera pothamangitsana ndi nthawi. Pang'ono ndi pang'ono anazolowera kukhala phee, manja ali pa mawondo, akumvera wailesi ya kwa aneba.

Dzanja litazolowera, anapanga basi imene anayendetsa zaka zambiri, yobiriwira, ya mzere woyera m'chiuno. Inatuluka yonyezimira. Anaitana kondakitala wawo wakale, amene tsopano amayendera ndodo, kuti adzaione. Kondakitala anaitembenuza, kusuzumira pa mawindo, n'kuibwezera pa tebulo.

"Ndi yokongola, achimwene, koma si yathu," anatero. "Yathu ija sindinaionepo itayera chonchi."

A Dalaivala zinawapweteka moti tiyi sanamalize. Koma mlendo atapita anakhala nthawi yaitali akuiyang'ana basiyo, ndipo anaona kuti mnzawo sananame. Anakumbukira fumbi limene linkakwera kuchokera ku matayala, ndi mwaye umene unkadetsa kumbuyo. Anatenga penti wofiirira n'kumusungunula mpaka anangokhala ngati madzi otsukira kapu. Ankapopera chapatali, m'munsi mokhamokha, kudikira, n'kubwerezanso. Akazi awo anadandaula kuti bambowa aphunzira kupenta movutikira kuti pomaliza azidetsa dala zinthu.

Kondakitala atabweranso, basiyo sanainyamule. Anawerama, kuiyang'ana mbali zonse, kenako analoza kasitepe ka pakhomo ndi chala. Anati pamenepo ndi pamene anathera unyamata wake, ataima, ndipo nsapato zake zinadya penti yense mpaka chitsulo chinkaoneka.

A Dalaivala anatsegula kabati, n'kutulutsa kampeni kosemera mipando.

"Palani nokha," anatero. "Ine ndinali kutsogolo, sindinkaona pomwe munkaponda."

Kondakitala anatsamiritsa ndodo kukhoma, anakoka mpando n'kupempha kuti amubwereke magalasi.