Mzere umene amayi ankaudumpha

Pawindo la nyumba ina ku Evington, m'dziko la Angerezi kumene tinkakhala, pankakhala supuni yakuda, yopindika, yoti amayi akanaipeza kwathu akanaitaya tsiku lomwelo. Mwini wake anali agogo ena aakazi a ku Poland, a zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, amene amayi ankawasamalira. Supuniyo anatuluka nayo m'ndende ya nthawi ya nkhondo.

Chilimwe chimenecho sukulu itatsekera, panalibe wondisiyira, choncho ndinkakwera nawo basi kuchokera ku Spinney Hill. "Ukakhale phee, akamva a ku ofesi ntchito yatha," amayi ankatero. M'nyumbamo munkamveka fungo la kabichi wowawasa ndi mankhwala opaka m'mawondo.

Kale ndinali naye wondisamala. Anali mtsikana wa kutchalitchi kwathu amene viza yake inatha, amayi n'kumubisa m'chipinda changa. Amalume, mlongo wawo weniweni wa amayi, atayambana nawo anakamuneneza kuboma, ndipo mtsikanayo anamukweza ndege kumubweza kwawo. Kuyambira pamenepo dzina la amalume linali losatchula. Akagogoda pakhomo, tinkakhala chete mpaka atatopa.

Nkhani ya agogo aja ndinaitola pang'onopang'ono, ndikunamizira kujambula. Bambo awo anabisa banja la Ayuda pansi pa khola la ng'ombe, ndipo woyandikana nawo nyumba anakaulula kwa asilikali a ku Germany. Bambowo anawomberedwa pabwalo, banja lija silinaonekenso, agogowo ali mtsikana anatengedwa kundende.

Amayi akamaliza kuwapesa tsitsi, awiriwa ankanena Pemphero la Ambuye limodzi, agogo m'Chipolishi, amayi m'Chichewa. Ine ndinkaona ngati mpikisano, ndipo tsiku lililonse amayi ndiwo ankayamba kufika pa Ameni. Ndinkanyadira kwambiri, chitsiru ine.

Tsiku lina agogo anawagwira amayi padzanja. Zala zawo zinali zozizira, khungu lopyapyala ngati la anyezi.

"Mwana wanga, chilankhulo chako sindichimva," anatero m'Chingerezi chawo cholemera, "koma malo amene umadumpha ndikuwadziwa. Inenso ndinawadumpha zaka zambiri. Ndinkamaliza tchalitchi chonse chikadali pakati."

Ankanena mzere uja wopempha Mulungu kuti atikhululukire monga ifenso timakhululukira otilakwira. Amayi anati zina n'zosatheka kuzikhululukira, akulankhula ndi munthu amene anaona bambo ake akugwa. Mpaka lero ndimawachitira manyazi ndikakumbukira, komanso ndimawamvera chisoni. Agogo sanakwiye. Anati iwo mtima sunatsogole ayi: anayamba ndi pakamwa, kumutchula woyandikana nawo uja m'pemphero mano ali gwa, mtima n'kubwera m'mbuyo ukutsimphina.

Sabata yonseyo amayi anapitiriza kupambana. Kenaka m'mawa wina kukuwaza mvula, anafika pamalo paja n'kuima. Agogo nawo anaima, kuwadikira. Amayi anawanena mawuwo, ndipo Ameni anatuluka mmodzi.

M'basi ndinawafunsa chifukwa chake analola kuti nkhalamba iwapeze. Anangondipukuta kumaso, ngakhale misozi inali pankhope pawo.

Lamulungu lotsatira kunamveka kugogoda kuja, ine n'kukhala chete monga mwa masiku onse.

"Katsegule," anatero amayi. "Ndi amalume ako amenewo."

Ndinapita kuchitseko ndikunyinyirika, mtima ukundiwawirabe kuti amayi analuza.